Banga Limene Linali Pansi pa Guluu

Pa dzino langa lakutsogolo, lakumanzere, pali banga. Si lalikulu ayi. Ndi kamzere kofiirira kopingasa, ngati pamene tiyi wadonthera pa nsalu yoyera ndipo mwachedwa kuchapa. Amayi anga anali nalo banga lomwelo pa dzino lomwelo. Ine sindinalione, chifukwa anamwalira ndisanayambe kusunga nkhope za anthu m'mutu, ndipo abambo anali atatsogola kale. Pa chithunzi chimodzi chimene chinatsala, amayi anatseka pakamwa. Za bangalo ndinamva kwa agogo, amayi awo a amayi anga, amene anandilera kumudzi kwathu kufupi ndi Nathenje.

Agogo si munthu wa mawu ambiri, ndipo kusisita mwana sakudziwa. Amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu. Mano anga a ubwana anandizula ndi zala zawo, osandichenjeza n'komwe. Koma mano aukulu atamera, tsiku lina akundipaka mafuta kumaso anaima mwadzidzidzi, nandigwira chibwano, nakweza mlomo wanga wakumwamba ndi chala chachikulu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Dzino la mwana wanga ili," anatero. Kenako anandikankha kuti ndizipita kusukulu.

Kuyambira pamenepo umenewo unakhala moni wathu. Ndikabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko, ndisanatule n'chikwama chomwe, ankandigwira chibwano, kukweza mlomo, kuyang'ana, basi. Za amayi sankakamba, ndipo ine sindinkafunsa. Ndinangodziwa kuti akamayang'ana dzinolo ndiye kuti akuona mwana wawo.

Ndinabwera ku Joni kudzaphunzira, ndipo nditamaliza ndinapeza ntchito mu ofesi ina yojambula mapulani a misewu kuno ku Pretoria. Ndinkachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Capital Park. Mano anga anali othithikana chibadwire, ndipo limodzi losongoka linamera chotuluka, n'kumandicheka mlomo m'kati. Chilonda chikapola chinkayambanso china. Ndicho chinandipititsa kwa dokotala wowongola mano ku Pretoria North, osati kufuna kukongola.

Dokotalayo anali mayi wachikulire pang'ono, wamfupi, wa imvi zimene sankazibisa. Ndi wothandizira wake ankalankhula Chisepedi, ndi ine Chizungu, ndipo ankandiitana kuti sesi, ndiko kuti chemwali. Tsiku loyamba anayendetsa kagalasi m'kamwa mwanga monse, mpaka anafika pa banga lija.

"Kwanu mumamwa madzi a pa mjigo?" anandifunsa.

Ndinavomera ndi mutu. Anandiuza kuti m'madera ena madzi a pansi pa nthaka amakhala ndi mchere wa m'miyala wotchedwa fulorayidi wochuluka, ndipo mwana akamamwa mano ake akadali kupangika m'kati mwa nkhama, amatuluka ndi mawanga. Atachotsa kagalasiko ndinawauza kuti amayi anga analinso nalo.

"Ndiye kuti munamwa madzi amodzi," anatero.

Ndinayenda kupita kokwerera takisi mawu amenewo akundizungulira m'mutu. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti bangalo linadzera m'magazi. Koma sindinakhumudwe. Ndinaona kamtsikana kakusenza ndowa m'njira yomweyo imene ine ndinasenzamo, kakumwa m'manja madzi a nthaka yomweyo. Kameneko kanali koyamba kuwaona amayi anga akuyenda.

Ulendo wachiwiri dokotala anandifunsa ngati ndikufuna kuti tikadzamaliza adzalikute bangalo ndi mankhwala oyera. Ndinakana, ndipo ndinawafotokozera za agogo mwachidule, ine wosazolowera kufotokozera anthu za kwathu. Anatambasula dzanja n'kundionetsa timabulaketi tiwiri, tinthu tating'ono ngati njere ya mpunga timene amamata pa dzino lililonse kuti pazidutsa waya wokoka mano. Kena kanali kachitsulo, kena ka seramiki, koyera mbuu ngati chidutswa cha kapu yadothi. Ndinaloza koyerako. Ndine munthu amene ndimakonda kukhala pakona n'kumaona ena, ndipo sindinafune kuti anthu mu ofesi aziyang'ana m'kamwa mwanga ndikamalankhula.

"Ndi kabwino," anatero, "koma mudziwiretu khalidwe lake. Kachitsulo ndikakafinya kamapindika n'kusiya guluu kokha. Aka sikapindika. Kamagwira, apo ayi kamasweka. Ndipo dzino lanu la bangali lili ndi chikuto cholimba pamwamba koma chofumbutuka m'kati. Kumata si vuto. Tsiku lochotsa ndi limene ndidzafune kuti musadzandifulumizitse."

Anawalitsa tochi kuseri kwa dzinolo kufuna ming'alu, ndipo atapeza kuti palibe anati tingapitirize.

Tsiku lomata ndinaonera zonse m'magalasi ake a maso, mmene pakamwa panga pankaonekera pang'onong'ono. Anapaka mano mankhwala obiriwira ngati buluu wochapira, owawasa akakhudza lilime, kenako anatsuka n'kuumitsa ndi mpweya mpaka manowo anayera ngati choko. Anati mankhwalawo akanda chikuto cha dzino timabowo tosaoneka ndi maso, kuti guluu apeze polowa. Guluuyo anali wofewa ngati mankhwala otsukira mano. Ankamupaka kuseri kwa kabulaketi, kukakanikiza pa dzino, kukasuntha pang'ono, kupendeka mutu, kukasunthanso. Wotuluka m'mbali ankamupala akadali wofewa. Akakhutira, wothandizira uja ankabweretsa nyali ya buluu, ndipo guluu uja ankauma gwa nthawi yomweyo. Zinandidabwitsa kuti pali chinthu chimene chimadikira kuwala kuti chilimbe, kupatsa munthu mpata woti aganize kaye.

Anandipatsa galasi. Timabulaketi sitinkaoneka kwenikweni, monga ndinafunira. Koma kabulaketi amakaika pakati penipeni pa dzino, ndipo pakati penipeni ndi pamene panali banga. Linali litabisika lonse. Zimenezi sindinaziganizire.

Agogo alibe foni. Ndimawaimbira pa foni ya mayi wina amene amagulitsa nawo limodzi pamsewu, ija yoonana nkhope. Lamlungu lotsatira, nditangotsegula pakamwa kupereka moni, anasendeza nkhope yawo mpaka ndinkangoona diso ndi mphuno.

"Dzino lija walitani?"

"Lilipo, agogo. Langokutidwa. Adzachotsa."

"Wakuuza ndani kuti adzachotsa lili lathunthu?"

Anabweza foni kwa mwini wake n'kuyamba kuitanira munthu wogula. Nditapita kumudzi pa Khirisimasi anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, anandiyalira mphasa yatsopano. Koma chibwano changa sanachigwire. Ndinaima pakhomo ndi chikwama m'manja kudikira, iwo analowa m'nyumba.

Funso lawo lija ndinabwerera nalo ku Pretoria, ndipo linakhala nane miyezi yonse imene waya ankakoka mano anga.

M'chipinda choyandikana ndi changa munkakhala banja la ku Thyolo. Mwamunayo, amene ndinkamutcha achimwene, ankasamalira maluwa m'nyumba za ku Garsfontein, ndipo mkazi wake, alamu, ankagwira ntchito ya m'nyumba komweko. Loweruka lina analandira katundu wochokera kumudzi wobwera pa basi, ndipo m'katimo munali thumba la chimanga chokazinga. Dokotala anali atandiletsa zolimba zonse, koma anatchula zakuno: nyama youma ija amadya Maburu, maapulo osadula, madzi oundana. Chimanga chokazinga sanachitchule, ndipo fungo lake linali la pakhonde pa agogo. Ndinatapa dzanja limodzi. Posakhalitsa ndinamva kuti thi, ndipo kabulaketi ka dzino lina la m'mbali kanayamba kuyendayenda pa waya.

"Eish, achemwali, mwaphwanya katundu wa azungu!" anatero achimwene, akuseka mpaka kutsokomola. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachubu ka supaguluu. "Tsegulani pakamwa. Uyu ndinamatira nsapato chaka chatha, mpaka lero ikuyenda Garsfontein yonse."

"Inu abambo, m'kamwa mwa munthu mwasanduka jombo?" anatero alamu, nawalanda kachubuko.

"Nanga guluu wa adokotalawo ndi wa chiyani, wogonja ndi chimanga? Wanga sagonja."

"N'chifukwa chake zala zanu zinamatana tsiku lija, ine n'kumakudyetsani ngati khanda."

"Tsiku lochotsa mudzangondiuza, achemwali. Pulayazi ndili nayo, yodulira waya wa mpanda. Simudzalipira takisi."

Tinaseka tonse, koma mawu a achimwene anandikhala. Ngati guluuyo wagonja ndi chimanga, ndi wabwino? Ndipo ngati pa dzino la banga wagwira kwambiri kuposa apa, adzachoka bwanji?

Lolemba dokotala anandimvetsera akumwetulira. "Chimanga chapambana," anatero. Anandipatsa galasi n'kuloza dzino limene kabulaketi kanachokapo. Panali kachigamba ka guluu kokhakhala, katatsalira pa dzinolo.

"Mukuona? Umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Pali malo atatu pamene pangaduke: pakati pa kabulaketi ndi guluu, m'kati mwa guluu mwenimweni, kapena chikuto cha dzino. Awiri oyambawo ndi anzathu. Lachitatulo ndi limene sindigona nalo. Fupa likathyoka limalumikizana, khungu limapola, chikhadabo chimamera. Chikuto cha dzino chikachoka chachoka."

Ndinawauza za supaguluu wa achimwene, ndipo wothandizira uja anaseka mpaka anatuluka panja. Dokotala anati achimwenewo sanali okha oganiza choncho. Pamene timabulaketi ta seramiki tinkayamba, tinkagwirana ndi guluu mwamphamvu kwambiri kotero kuti nthawi zina tinkachoka ndi chidutswa cha dzino. Opanga anachita kubwerera m'mbuyo, kusintha kuseri kwa kabulaketi kuti kazigwira mokwanira kukoka dzino nthawi yonseyo, koma kazivomera kusiya likafika tsiku lake.

"Kupanga cholimba n'kosavuta," anatero akupala guluu wakaleyo. "Chovuta ndi kupanga cholimba mokwanira basi."

Ndinatuluka ndikuganiza za anthu amenewo, amene sindidzawadziwa, okhala m'zipinda zawo kuyeza kuti chinthu chisiye liti. Sindinkadziwa kuti padziko pali ntchito yoteroyo.

Tsiku lochotsa linafika majakaranda atayamba kugwetsa maluwa m'misewu. Unali m'mawa. Wothandizira uja, mayi wamkulu thupi amene ankang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi kwawo nthawi zonse, anandiveka magalasi akuluakulu oteteza maso, chifukwa seramiki ikasweka imathetheka. Dokotala sanayambe ndi pulayazi. Anayamba ndi kuzungulira kabulaketi kalikonse ndi kamakina kopala, kuchotsa guluu yense amene anali m'mphepete, kuti chitsulo chipeze pogwira pabwino. Kenako anandiikira thonje lokulunga kuti ndilume, nati dzino likakhala lokhazikika silimva kuwawa kwambiri. Chala chake china chinkachirikiza dzino kumbuyo. Anagwira kabulaketi koyamba, nafinya pang'onopang'ono.

Phokoso lake limamveka m'kati mwa mutu, ngati wina wathyola kamtengo kouma kuseri kwa mphuno. Kuwawa kunali kochepa. Kalikonse kakachoka ankakatembenuza n'kukayang'ana kuseri asanakataye m'mbale, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna: kuti pasakhale kanthu koyera ka dzino. Anayambira kumbuyo, mbali iyi kenako mbali inayo, kubwera kutsogolo. Dzino la banga analidumpha. Anamaliza ena onse, anatambasula msana, anamwa madzi, n'kubwerera.

"Tafika kwa agogo," anatero.

Ndinaluma thonje. Ndinamva chitsulo chikugwira, chala chikuchirikiza, kenako phokoso losiyana ndi ena aja, lopyapyala ngati kapu yagwa pa simenti. Kanthu kanamenya galasi la diso langa. Nyimbo ya wothandizira inaima.

M'magalasi a dokotala ndinaona chimene chinachitika. Pamwamba pa kabulaketi panali patathyoka, koma tsinde lake linatsala litamatirira pa dzino, lathyathyathya, lopanda pogwira. Mawu a agogo anabwera onse: wakuuza ndani.

Dokotala anayang'ana kanthawi, kenako anaika pulayazi pansi, patali, ngati munthu amene akudziletsa yekha.

"Dzino lili bwino, sesi. Chasweka ndi changa, osati chanu. Koma apa sindikokanso. Ndikalowetsa chitsulo pansi pake kuti ndikanule, chikhoza kubwera ndi chikuto. Ndichipala kuchokera pamwamba mpaka chithe. Zitenga nthawi."

Mtsikana wolandira alendo anasuzumira pakhomo n'kunena kuti wotsatira wafika kale. Dokotala sanatembenuke. Anayankha mawu ochepa m'Chisepedi, ndipo chitseko chinatsekeka.

Seramiki ndi yolimba kuposa dzino, choncho anatenga kamutu ka makina kokhala ndi fumbi la dayamondi. Kankalira mokweza, madzi ozizira akuwazira pa dzino osaleka, wothandizira akuwayamwa ndi kapaipi. Ankapala pang'ono n'kusiya, kupala pang'ono n'kusiya. Anati dzino lili ndi mtsempha wamoyo m'kati, ndipo likatentha mtsemphawo ukhoza kufa. Ndinkaona dzanja lake. Chala chaching'ono chinali chitatsamira pa mano anga ena, ndipo dzanja lonse silinkayenda, zinkangoyenda nsonga za zala ziwiri. Ndinaonapo agogo akuchotsa kachitsotso m'diso la mwana wa mnzawo ndi ngodya ya chitenje, mpweya atausunga. Kupuma kwa dokotala kunali komweko.

Seramiki itatha anasiya dala kansalu kopyapyala ka guluu pa dzino. Anachotsa kamutu ka dayamondi, naika kena kozungulira pang'onopang'ono, kamene kamadya guluu koma sikalowa m'dzino msanga. Anatseka madzi, chifukwa pa dzino lonyowa guluu ndi chikuto zimafanana, koma pouma guluu amaoneka wakufa, dzino lonyezimira. Fumbi loyera linkagwera pa mlomo wanga. Nthawi ndi nthawi ankazimitsa nyali yaikulu n'kuwalitsa kanyali kofiirira, ndipo paliponse pamene guluu anatsalira pankawala ngati ziphaniphani. Ankapala pamenepo pokha.

Kenako wothandizira anawerama, naloza ndi kapaipi kake, n'kulankhula m'Chizungu kuti pakati apa patsala zakuda.

Ndinakweza dzanja ndisanaganize n'komwe. Pakamwa panali podzaza thonje ndi zala, sindikanatha kunena kanthu. Makina anaima.

"Bangalo ndikulidziwa, sesi," anatero dokotala. "Tsitsani dzanja." Ndipo kwa mnzakeyo anati, "Limenelo si lathu. Tinalipeza."

Panali patapita pafupifupi zaka ziwiri chiwauzireni za agogo, kamodzi kokha, m'mawu ochepa, ndipo pakati pake m'mpando umenewo munadutsa pakamwa pa anthu osawerengeka. Anazungulira bangalo ndi kamphira kofewa kosalalitsira, mopepuka, nawalitsanso tochi kuseri kwa dzino kufuna ming'alu. Anayang'ana mbali iyi ndi iyo. Wothandizira anayambanso nyimbo yake pamene anaisiyira.

Lilime langa linayenda pa mano n'kuterereka ngati pa mwala wa mumtsinje. M'galasi mano anali pamzere, achilendo, ngati a munthu wina. Koma pa lakumanzere kamzere kofiirira kanali pomwepo, kopingasa, m'mphepete mwake mosaphwanyika. Ndinafuna kunena zambiri. Ndinangoti zikomo, m'Chichewa, ndipo anamva. Anali atayamba kale kusamba m'manja, akundiuza za kapulasitiki kamene ndizivala pogona kuti mano asabwerere kwawo, ndi kuti chimanga chokazinga ndidikire kaye pang'ono.

Sindinadikire Lamlungu. Ndinaimba ndili pokwerera takisi, pakati pa anthu ogulitsa zipatso ndi oitanira. Mayi wa foni uja anayenda nayo, ndikuona thambo ndi denga la udzu la pamsika, mpaka panabwera nkhope ya agogo.

"Kwagwanji pakati pa sabata?"

"Achotsa, agogo."

Agogo anayandikiza nkhope pa foni. Kenako anati, "Sendeza."

Ndinasendeza foni.

"Sindikuona. Kweza mlomowo."

Ine amene ndinasankha timabulaketi toyera kuti anthu asandiyang'ane, ndinaima pamenepo pagulu, ndinagwira chibwano changa, n'kukweza mlomo ndi chala chachikulu. Bambo wina wogulitsa malalanje anasiya kuitanira n'kumandiyang'ana. Pa foni panali diso limodzi la agogo, lofiira ndi fumbi la pamsewu, losaphethira. Linayang'ana nthawi yaitali, yaitali ngati tsiku lija la mafuta.

"Lilipo," anatero.

"Lilipo, agogo."

"Wachotsa ndani?"

"Mayi wina, dokotala."

"Ali ndi manja ameneyo." Anabweza nkhope m'mbuyo, ndipo ndinawaona onse, duku ndi milu ya tomato kumbuyo kwawo. Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Ubwera liti? Ukamabwera undigulire ambulera. Yanga ija mphepo inathyola."